Thanga la Makatani a Apongozi

Apongozi anga sankafuna kuchoka pachilumba. Amuna awo atamwalira anatsala okha m'nyumba, ndipo anayamba kumagwa ndi chizungulire popanda wowadzutsa. Amuna anga, omwe ndi mzime m'banjamo, anati basi, amayi abwere kutauni azikhala nafe. Alamu anga, achisamba, sanavomere ndipo sanakane. Anangoti, "Boti lilipo, ndidzakuwolotsani." Apongozi anaganiza kuti nzeru yonseyi yachokera kwa ine, ndipo kuyambira pamenepo ankandipatsa ulemu wochuluka, uja wopweteka kuposa kutukwanidwa.

"Khalani apa, amayi a kutauni," anatero tikukwera, akupukuta thabwa ndi nsalu yawo. "Mungadetse diresi."

Tinanyamuka pachilumba m'mawa nyanja ili bata. Ana tinali titawasiya kutauni kwa mng'ono wanga powauza kuti tibwera madzulo. M'botimo tinalongeza matiresi, mipando iwiri, mapoto, sutikesi ndi mtolo wa makatani omwe apongozi anachotsa okha m'mawindo onse, ati sangasiyire mphemvu. Tinalinso ndi chigubu cha madzi akumwa, poti nyanja imeneyi ndi ya mchere, komanso buledi, mtedza ndi thumba la malalanje a mumtengo wawo. Amuna anga ndi ometa tsitsi, ndipo madzi amawaopa kuyambira ali mwana. Anakhala pakati penipeni atagwira thabwa ndi manja onse, akuyang'ana mapazi awo.

Chilumba chitayamba kuchepa kumbuyo kwathu, injini inatsokomola, inalira ngati mphika wogwa pasimenti, n'kuzima. Alamu anakoka chingwe mpaka thukuta linayenderera m'ndevu. Anavundukula chivundikiro, nayang'ana kwanthawi yaitali, kenaka anatulutsa kachitsulo kothyoka pakati.

"Si nkhani," anatero. "Ena adutsa."

"Nkhafi zili kuti, achimwene?" anafunsa amuna anga.

"Ilipo imodzi."

"Imodzi? Boti lonseli?"

"Inayo ndinabwereketsa. Ukanakhala kuti umabwera kuno ukanadziwa."

Palibe amene anadutsa. Mafoni analibe netiweki, ndipo tinawakweza m'mwamba mosinthana mpaka mabatire anatha. Mphepo inkawomba kuchokera kumtunda, madzi nawo ankatikokera kunja. Alamu anapalasa ndi nkhafi imodziyo mpaka m'manja munatuluka matuza, koma boti linkangozungulira pamodzimodzi. Dzuwa lisanalowe chilumba chinali chitasowa, ndipo mbali zonse kunali madzi okhaokha.

Tsiku lotsatira tinayamba kuyeza madzi ndi kachivundikiro ka fulasiki. Ntchito imeneyi anandipatsa ine, chifukwa abale awiriwa sankakhulupirirana ngakhale pothira madzi. Tinaimika matiresi pakati pa mipando kuti tipeze mthunzi. Amuna anga anasanza mpaka m'mimba munalibe kanthu, ndipo alamu ankawayang'ana ndi diso la m'mbali.

"Mwana wa pachilumba ameneyu," anatero. "Ndani angakhulupirire?"

"Chisamba, musiye mng'ono wako," anatero apongozi. "Iwe unkasanza ngakhale utakwera bulu, wayiwala?"

Ndinaseka ndekha, ndipo apongozi ananditembenukira ngati ndaba kanthu. Ndinatseka pakamwa.

Vuto lomwe palibe amene ankafuna kulitchula linali la kudzithandiza. Amuna awiriwa ankangotembenukira kunyanja. Koma apongozi anapirira kuyambira dzulo lake, ndipo ndinaona akusinthasintha kakhalidwe, nkhope itachita tsinya. Ndinatenga ndowa ndi katani imodzi, ndinapita nazo kumutu kwa boti.

"Abambo inu nonse, yang'anani kumbuyo," ndinatero. "Wocheuka samwa madzi lero."

Ndinatambasula kataniyo ndi manja onse, nditafulatira. Apongozi anazengereza, kenaka anabwera chokwawa. Boti linkagwedezeka, ndiye anagwira mwendo wanga kuti asagwe. Atamaliza ndinatsuka ndowayo m'nyanja. Sanathokoze. Anangoti, "Nanunso pitani, ndikugwirirani." Ndipo anandigwirira.

Masiku anayamba kufanana. Buledi anatha, mtedza unatha. Alamu anapeza mbedza pansi pa thabwa, nagwira tinsomba tating'ono pogwiritsa ntchito nyenyeswa za buledi ngati nyambo. Tinkatitumbula n'kutiyanika pa chivundikiro cha injini. "Mwaona, injini yanga ikugwirabe ntchito," ankatero alamu, ndipo palibe amene ankaseka. Milomo inang'ambika. Mchere unauma pakhungu pathu ngati ufa. Ndikaganiza za ana, mmene akudikirira pakhomo pa mng'ono wanga, ndinkaluma nsalu kuti amuna anga asamve.

Tsiku lina m'mawa ndinaona chinthu chachilendo. Ndinapatsa apongozi gawo lawo la madzi, iwo anatembenuka ngati akumwa, koma pakhosi sipanayende. Kenaka anatsitsa dzanja n'kuthira madziwo m'kabotolo kamankhwala komwe anabisa m'chiuno. Ndinadikira mpaka amuna awiriwa atatanganidwa ndi mbedza.

"Amayi, madzi aja mukusungira ndani?"

"Madzi ati?"

"Ali m'chiunomo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali atalowa m'kati. "Mzime wasanza kwambiri," ananong'ona. "Ine ndakula. Nkhalamba simva ludzu."

"Bodza limenelo, amayi."

"Mukunditi wabodza?"

"Eya. Imwani pompano, apo ayi ndiwauza onse awiri, ndipo mukudziwa phokoso lake."

"Amayi a kutauni muli ndi mwano."

"Ndili nawo. Imwani."

Anamwa, akundiyang'ana ndi mkwiyo mpaka dontho lomaliza. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawagwirira ndekha kachivundikiroko pakamwa, ndipo iwo ankang'ung'udza nthawi iliyonse.

Mkangano waukulu unabuka masana ena kukutentha koopsa. Nsomba yaikulu inadya mbedza, amuna anga anathamangira kukathandiza, chingwe chinawapulumuka n'kupita ndi mbedza yomwe. Inali mbedza yathu yokhayo.

"Manja ogwira lumo!" anakuwa alamu. "Chilichonse ukagwira chimatayika. Tsopano wabwera kudzatenga amayi ngati katundu."

"Inu mumawasamala? Anagwa kangati muli kunyanja?"

"Ine ndinalipo! Bambo akudwala ndinalipo, ndinkawasambitsa ndi manja awa. Iwe unali kuti?"

Amuna anga anaimirira, koyamba chikwerereni botilo, osagwira paliponse. "Munandiuza? Munandiimbira foni bambo atatsirizika kale! Ndinafika n'kupeza bokosi lokhomedwa. Mumafuna anthu aziti mwana weniweni ndi inu nokha."

Boti linapendekeka, mpando umodzi unagwera m'madzi n'kuyamba kuyandama. Alamu anakhala pansi, nayang'ana kumbali.

"Khala pansi, Mzime," anatero apongozi. Mawu awo anali osasa, koma anamveka. "Mkulu wako anafuna kukuimbira. Bambo ako ndi amene anamuletsa. Inali nyengo ya mphepo, maboti ankagubuduzika. Anati, mwana uja amaopa madzi, akamva adzakwera chilichonse chomwe apeze, ndiye musamuuze mpaka nyanja itadekha. Anamulumbiritsa. Nyanja inadekha mochedwa."

Amuna anga anakhala pansi pang'onopang'ono. "N'chifukwa chiyani simunandiuze, achimwene?"

"Ndikanati chiyani? Kuti bambo ankakuona wamantha?" Alamu anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Bola uzidana ndi ine."

Amuna anga analira, kulira kopanda misozi chifukwa m'thupi munalibe madzi. Alamu anawasiya kwakanthawi, kenaka anawakoka khosi n'kutsamiritsa mutu wawo paphewa. "Basi, basi. Ukutaya mphamvu. Komabe mbedza yanga wataya, chitsiru iwe." Onse awiri anaseka moipa, ngati akutsokomola.

M'mawa mwake kumwamba kunada, ndipo kunagwa mvula yamphamvu koma yosakhalitsa. Tinatchera mapoto onse, ndowa, ngakhale chivundikiro cha sutikesi. Tinayasama kumwamba ngati anapiye. Mvula itadutsa, alamu ananyowetsa chala n'kuchikweza.

"Mphepo yatembenuka," anatero. "Ikupita kumtunda. Tikanakhala ndi thanga, bwenzi ikutikankha."

Apongozi anayang'ana mtolo wa makatani awo. Anali makatani amaluwa ofiira, okhuthala, omwe anasoka okha ali mtsikana. Anapumira m'mwamba, natsegula sutikesi, natulutsa kachitini ka singano ndi ulusi.

"Maso anga saonanso bowo," anatero, akundipatsa singano. "Lowetsani ulusi."

Tinayala makataniwo pamiyendo, iwo kuyambira mbali ina, ine mbali ina. Ine kusoka ndimangodziwa kobwezera batani. Sipanapite nthawi apongozi anakoka mbali yanga, nayang'anitsitsa.

"Ichi n'chiyani? Mphepo ikangoyetsemula zonsezi zimasuka. Kodi amayi ako sanakuphunzitse?"

"Anayesa, amayi. Ndinkathawa."

"Zikuoneka. Bwera kuno, ona. Ubaye apa, ubwerere m'mbuyo, ubayenso. Usamakoke ngati ukumanga mbuzi."

Ndinazindikira pambuyo pake kuti asiya kunditi inu. Ndinangopitiriza kusoka, kuopa kuti ndikatchula angabwerere. Tinasoka mutu ndi mutu, zala zikutuluka magazi, iwo akundikalipira msoko uliwonse. Pakati pa ntchitoyo anafunsa, osakweza maso, "Chipinda chimene mwandikonzeracho, chili ndi windo?"

"Lalikulu. Likuyang'ana pabwalo pomwe ana amasewera."

"Unali iwe amene unati ndisamuke?"

"Ayi. Ine ndinati tikufunseni kaye. Koma mukanandifunsa, ndikanati bwerani."

"Hm," anatero. "Msoko uwo wakhota."

Abale awiriwo anaimika nsungwi yaitali yomwe alamu amakankhira boti pamadzi osaya, naimangirira kuthabwa ndi chingwe cha nangula. Ndodo yachitsulo ya makatani, yomwe apongozi anatenganso, anaipingasa pamwamba. Titakweza thanga lathu, linakupiza, linafufuma, maluwa ofiira onse anatambasuka, ndipo boti linayamba kuyenda. Linkayenda ngati nkhalamba yopita kumsika, koma linkayenda. Alamu anakhala kumbuyo akuwongolera ndi nkhafi, amuna anga atagwira chingwe cha thanga.

"Usachitaye chimenecho," anatero alamu.

"Ndachikulunga padzanja, achimwene. Chikapita ndipita nacho."

Sitinafike kumtunda ndi thangalo. Msoko wa mbali yanga unayamba kumasuka tsiku lotsatira, monga apongozi ananenera, ndipo tinausokanso kangapo. Koma linatibweza kufika kumene asodzi amaponya maukonde. Masana ena tinamva injini patali. Alamu anaimirira n'kumakupiza malaya, mawu osatuluka. Boti la asodzi linakhota n'kubwera kwa ife, ndipo mkulu wawo anati anabwera chifukwa chofuna kuona wamisala amene wapachika makatani panyanja.

Anatipatsa madzi pang'onopang'ono, natikoka ndi chingwe mpaka kudoko. Kumeneko tinamva kuti anthu anatifunafuna mbali ina, ndipo ena anali atayamba kale kusonkhana kunyumba kwathu ngati pamaliro. Ndinabwereka foni ya msodzi wina n'kuimbira mng'ono wanga. Atamva mawu anga anakuwa mpaka ndinachotsa foniyo kukhutu, kenaka ndinamva ana akulimbirana kuti alankhule.

Anatitengera kuchipatala chapafupi. Atatufe anatiyeza, natipaka mankhwala m'milomo, natiuza kuti tizimwa madzi ndi kupuma. Apongozi okha anawagoneka n'kuwaika diripi. Tinazungulira bedi lawo tonse, tikununkha nsomba, mpaka namwino anabwera.

"Muno mutsale munthu mmodzi yekha wodikirira," anatero. "Enanu kunja."

"Nditsala ine," anatero alamu. "Ndine wamkulu."

"Achimwene, manja anuwo ali ndi mabala. Nditsala ine."

"Iwe ukagona sudzuka ngakhale denga ligwe."

"Tulukani nonse," anatero apongozi, maso ali chitsinzinire. "Mwandisokosa mokwanira. Atsale uyu."

Abale awiriwo anayang'anana, natuluka akukanganabe za amene akagule chakudya. Ndinakokera mpando pafupi ndi bedi. Apongozi anasuntha mutu papilo, nakanda m'tsitsi ndi dzanja lopanda diripi.

"M'mutu muno mwadzaza mchere," anatero. "Kabwereke chipeso kwa namwino, undimasule tsitsi lolukali. Koma pang'onopang'ono, ndawaona manja ako."

Ndinapita kukabwereka chipesocho. Pobwera ndinapeza atagona tulo, pakamwa pali yasa. Ndinakhala pambali pawo, ndinayamba kumasula kuchokera kunkhongo, luko limodzilimodzi, kuti ndisawadzutse.