Mabuku Opanda Chidindo

Telala anapeza mashelefu akumapeto ali pululu. Mabuku onse anali pansi, m'makatoni. Mlamu wake, amene ankagwira ntchito mulaibulalemo, anali chogwada, akumata katoni ndi selotepi.

"Mukusamuka kodi, alamu?"

Mlamuyo sanadzutse mutu. Anati abwana alamula kuti buku lililonse limene silinabwerekedwe kwa zaka zisanu lichoke. Malo achepa, kukubwera makompyuta. Lole ya kufakitale ya mapepala ifika folo koloko.

Mayi telalayo anayang'ana wotchi ya pakhoma. Wani koloko inali isanakwane.

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankabwera muno masana aliwonse. Kusiya makina osokera, kuwoloka msewu, kukwera masitepe. Lero masamba khumi a nkhani ya wapolisi, mawa za njuchi, mkuja ndakatulo. Kunyumba sankatengera buku. Ana anayi, chipinda chimodzi, ndi mwamuna woika kapu ya tiyi pa chilichonse chafulati. Akawerenga, ankalibwezera pamalo pake penipeni, msana wolingana ndi anzake, monga apindira nsalu ya kasitomala.

"Komatu awa ndawawerenga ine. Pafupifupi onse."

Mlamuyo anatola limodzi, natsegula chikuto chakumbuyo. Kapepala ka masiku kanali mbee. Anafotokoza kuti buku limaoneka kuti lili ndi owerenga likadindidwa, kapena likasiyidwa patebulo, chifukwa madzulo amalilemba m'kaundula. N'chifukwa chake pakhomo pali chikwangwani choletsa kubwezera mabuku pashelefu.

Telala ankachidziwa chikwangwanicho. Ankayesa analembera anthu osasamala, oika buku la nsomba pakati pa ndakatulo.

"Udongo wanuwo ndi umene wawapha, alamu," anatero mlamuyo. "Mukanakhala wauve ngati achimwene anga, bwenzi onsewa ali moyo."

Telala sanaseke. Analunjika kuofesi ya abwana. Anawapeza foni ili kukhutu. Anamumvera ndi khutu linalo, nayankha mwachidule: iwo amatsata chidindo, osati pakamwa pa munthu. Buku lokhala ndi chidindo cha chaka chino litsala. Munthu mmodzi amabwereka atatu basi.

Anabwerera. Khadi yake yobwerekera mabuku inali m'kachikwama, pakati pa singano ndi choko, yatsopano ngati ya dzulo. Anaiponya pakauntala. Anafunsa kuti buku amakhala nalo masiku angati. Mlamuyo anati osapitirira masabata awiri.

"Nanga kuchepa kwake?"

Mlamuyo anamuyang'ana. Kenako anakanda m'mutu. Lamulo silinanenepo za kuchepa. Linangoti buku lobwerekedwa lilembedwe nambala ndi dzanja, lidindidwe, lionetsedwe kwa mlonda wa pageti pansi. Likabwera, lilembedwenso.

"Ndiye nyowetsani chidindocho."

Masitepe anali makumi awiri ndi awiri. Kutsika, kuonetsa mlonda, kuponda msewu ndi phazi limodzi, kukwera. Ulendo umodzi, mphindi zisanu ndi zitatu, poti mlamuyo ankalemba ngati akujambula maluwa. Mabuku anali opitirira mazana atatu. Masamu ake anali osavuta. Ambiri apita.

Anang'amba selotepi nayamba kusankha, akulankhula yekha, akulankhulanso ndi mlamu wake.

La njuchi linayamba. Anati wolemba wake ndi munthu wofatsa, sakukakamiza kukonda njuchi, umangozindikira wazikonda. Lachiwiri la nyenyezi, limene tsiku lina linamuchititsa chizungulire mpaka anasoka dzanja la malaya chadodolido. Lachitatu ndakatulo za mayi wina wolira mwana wake. Kabuku kowonda, kosadya malo. Kanalakwa chiyani?

Anatsika. Anakwera.

La mbiri ya nkhondo linali lolemera ngati njerwa, lodzaza maina a akuluakulu a asilikali. Analibweza m'katoni. Analitolanso. Munali tsamba limodzi lonena za nsapato za asilikali wamba, mmene ankazisokera ndi waya. Tsamba limenelo linapulumutsa enawo mazana asanu. La maulendo a panyanja anati wolemba wake ndi wabodza wotheratu, koma wabodza wokoma kuyenda naye. Lophunzitsa kulemera m'masiku makumi atatu analikankha ndi phazi.

"Ili akapangire mapepala a kuchimbudzi."

Nkhani zachikondi zinamuvuta. Anthu ake sagwira ntchito, amangousa moyo pawindo. Koma m'limodzi munali diresi lofotokozedwa bwino, msoko uliwonse pamalo pake. Wolembayo anagwirapo singano. Linapulumuka.

"Nanga la wapolisili?" anafunsa mlamuyo, akupukusa dzanja lotopa.

"Wakupha ndi mlamu wake wa malemuyo. Ndinadziwa patsamba lachitatu. Alamu ndi otero."

"Ndileke kudinda?"

"Dindani, alamu."

Pofika ulendo wa khumi, mlonda analeka kuyang'ana zidindo. Ankangokweza chala. Ulendo wa khumi ndi chisanu, telala anavula nsapato. Foni inalira kawiri m'kachikwama, sanaiyankhe. Thukuta linatsikira m'khosi, tepi yoyezera inamata pakhungu. Abwana anatuluka, anaima pakhomo la ofesi, anaona mulu ukukula pakauntala. Kenako anabwerera mkati.

Lole inafika isanakwane nthawi. Dalaivala analowa akuzunguza makiyi pachala, nati ali ndi kwina kokatenga, sadikira. Mlamuyo anamupempha mphindi zisanu. Ulendo umodzi wotsiriza.

Telala anagwada pakatoni yomaliza. Pamwamba penipeni panali buku limene ankalikonda kuposa onse, nkhani ya alongo awiri olimbirana nyumba ya bambo awo. Analiwerenga kanayi. Ankadziwa pamene mlongo wamkulu amanama, pamene wamng'ono amatseka chitseko. Analigwira. Pansi pake panali ena amene sanawatsegulepo, a zikuto zakuda, maina atafufutika.

"Tengani lanulo, alamu. Nthawi yatha."

"Ili ndili nalo kale m'mutu."

Analibweza. Anatola atatu osawadziwa aja, osayang'ana n'komwe mkati. Chidindo chinagunda katatu.

Anatsika pambuyo pa dalaivala, amene ananyamula katoniyo paphewa. Anaima pageti wopanda nsapato, akuona makatoni akuponyedwa m'lole, ina pamwamba pa inzake. Chitseko chakumbuyo chinatsekedwa. Lole inakhota pakona.

Telala anabwerera pamasitepe. Anakhala pa sitepe yoyamba, natsegula limodzi mwa atatu aja. Linali la matenda a nkhumba, lokhala ndi zithunzi. Anapumira m'mwamba, napukuta manja pasiketi, nayamba mutu woyamba.