Bolodi Linagona Chammbali

Mpaka lero ndikaona rula mtima umandiwawa. Chinali chaka cha 1958, pasukulu ya mishoni kufupi ndi Sinda. Asungwana tinatsala awiri okha m'kalasi, ine Rebecca ndi Stella. Osankha ana okalemba mayeso ku Katete anali aphunzitsi athu, a Samson Mbewe, ndipo dzina langa linali papepala la osankhidwa.

Lachisanu, nthawi ya masamu, anajambula girafu pabolodi, mzere wokhota ngati dengu loyang'ana kumwamba. Anatiphunzitsa okha ndi pakamwa pawo: imika rula chilili, uyendetse. Ikamadula mzere pamalo amodzi, ndi fankishoni. Ikadula pawiri, ayi. "Musafufute," anatero, "Lolemba kubwera woyendera sukulu."

Koma kalasi lathulo linalinso tchalitchi. Lamulungu akulu a mpingo anatulutsa bolodi kuti anthu akwane, pobweza n'kuliimika chammbali. Iwo akanadziwa bwanji? Dengu lija linagona.

Lolemba woyendera uja, mzungu wa mphuno yopsa ndi dzuwa, analoza bolodi. A Mbewe osacheuka n'komwe, maso ali pa mlendo, mano onse pamtunda: "Rebecca, uza abwana kuti iyi ndi fankishoni."

Ndinaimika rula. Pawiri! Ndinayendetsanso. Pawiri.

"Pepani aphunzitsi, si fankishoni."

"Wati chiyani?"

"Yadula pawiri. Taonani."

Apo m'pamene anacheuka, nkhope n'kugwa. Mzunguyo anaseka, nati mtsikanayu ali ndi mutu, nakwera galimoto yake. Fumbi lisanakhazikike, a Mbewe anandiitana.

"Iwe, kundivula pamaso pa mzungu? Unaleredwa kuti? Wamkulu akalakwa umangokhosomola, iye amazindikira yekha."

Kukhosomola! Ndikanakhosomola kangati kuti bolodi lidzuke? Lamulo anandipatsa okha, rula nayonso inali yawo. Ndikananama, mzungu akanati ndine mbuli. Ndanena zoona, ndasanduka wamwano. Ha! Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kulephera kungotembenuza khosi, mlandu n'kukhala wanga.

Ndinagwada, inde, ndinagwada misozi ili chuchuchu. Amayi anapita ndi tambala kukapepesa. Tambalayo analandira, anadya, koma dzina langa anafufutabe.

Tsiku la mayeso lole yopita ku Katete inadutsa m'mbali mwa munda wathu. Munali anyamata asanu ndi atatu, ndi Stella, amene chaka chonse sanaimikepo mkono m'kalasi. Anandibaibitsa. Ine manja onse anali ndi thonje.