Ubongo Wanga Unakana Kutsitsa

Ndinalota ndili kuchipatala, mutu ukulirabe chigundiraneni ndi goloboyi pampira wa timu yathu yamumsika. Adokotala anandiveka chimagalasi chozizira. Mwadzidzidzi ndinapezeka m'bwalo, mipira itatu ikubwera nthawi imodzi, ine n'kumangomenya mphepo. Pakanema panaoneka ubongo wanga, ukunyezimira ngati malalanje otsuka kumene.

"Mwavulala, achimwene. Masabata anayi osasewera."

"Tsitsaniko, adokotala, Loweruka kuli fainolo. Masiku atatu bwanji?"

Unayankha ndi ubongowo, ndi mawu angaanga: "Anayi omwewo, bwana. Ngati simukufuna, kayeseni kwina."

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, mutu ukulirabe. Kaya n'chiyani chimenechi, koma Loweruka ndinakhala pabenchi, chifuwa patsogolo. Zaka zonsezi ndikugulitsa kaunjika, wondigonjetsa pokambirana mtengo anapezeka mmodzi yekha, ndipo amakhala m'mutu mwangamu.