Wotchi Inkayenda, Mwiniwake Ali Chiimire

Kwa zaka makumi atatu a Lumo anali asanakhotetsepo mzere pamutu pa munthu. Dzina loti Lumo analipezera momwemo, m'kachipinda kawo kometera tsitsi, ka mpando umodzi wachitsulo ndi galasi long'aluka pakona. Koma Lachiwiri lina m'mawa aphunzitsi ena opuma pantchito, amene ankameta kwa iwo kuyambira kalekale, anadziyang'ana pagalasi n'kupendeketsa mutu uku ndi uku.

"Achimwene, kodi lero mwandijambula mapu?" anafunsa aphunzitsiwo akuseka.

A Lumo anaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Panali patatha milungu itatu maso awo akuchita chifunga, ndipo sanauze munthu. Ankachita mantha. Ndani angapereke mutu wake kwa wometa wosaona bwino? Kachipinda kameneka ndi kamene kanaphunzitsa ana awo, ndipo ndi kokhako kamene kankawadzutsa m'mawa chimwalirireni mayi a kunyumba.

Matenda a shuga anawapeza nawo zaka zinayi zapitazo. Kuchipatala anawauza kuti azimwa mankhwala, achepetse zotsekemera, ndiponso aziyenda theka la ola tsiku lililonse. Nthawi imeneyo kuyendako kunali kokoma. M'mawa uliwonse ankatuluka awiri ndi akazi awo, kudutsa njanji, kudutsa pophikira buledi pamene fungo linkawatsata mpaka pakona, kenako n'kukwera chitunda chakumlatho. Pamwamba pa chitundacho mayiwo ankaima, n'kugwira mkono wa amuna awo ndi zala ziwiri, atatsinzina ngati dokotala weniweni. "Mtima ulipo, ukugunda," ankatero. "Pitani mukamete anthu." Apo n'kusiyana, wina kukasoka, wina kukameta.

Maliro atatha, a Lumo anayamba kukwera basi. Njira ija inkawakumbutsa zambiri.

Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, ndiye anawatumizira wotchi yakuda yowerenga masitepe, kugunda kwa mtima ndi makalori, kutanthauza mphamvu ya chakudya imene thupi lagwiritsa ntchito. A Lumo anaikonda koopsa. Pofika masana inkanjenjemera pamkono n'kulemba kuti akwanitsa masitepe 10,000 ndipo atentha makalori 900. Munthu wolimbika chonchi n'kumumananso banzi? Ankagula awiri, ndi botolo la chakumwa chotsekemera lotsitsira. Tsiku lokayezetsa shuga litakwana sanapite. Ati chipatala ali nacho pamkono.

Loweruka la mlungu wa mapu a aphunzitsi uja kunabwera namwino wina woyandikana nawo nyumba, ataperekeza apongozi ake aamuna kudzameta. Anakhala pabenchi n'kumaona a Lumo akuyandikizitsa nkhope kumutu wa mkuluyo, akutsinzinira.

"Bambo, kuchipatala kuja mwasowatu," anatero namwinoyo.

"Ndili bwino, mwanawe. Taona wekha." Anamuonetsa wotchi monyadira. "Masitepe 6,200, isanakwane ndi leveni koloko yomwe."

"Mwayenda kuchokera kuti?"

"Kuchokera… apa pokwerera basi."

"Pamene ndikupaona pawindopa?" Namwino anamwetulira. "Chabwino. Malizani kumeta apongozi angawa, tionenso."

Makina ometera analira. Dzanja la a Lumo linakwera, linatsika, linazungulira khutu, linatenga chipeso, linakutumula nsalu. Atamaliza, namwino anawagwira mkono. Wotchi inati 6,940.

"Mwapita kuti, bambo?"

"Iwowa? Sanachoke kumbuyo kwanga," anayankha apongozi aja. "Ndimamva mpweya wawo m'khosimu nthawi yonseyi."

Onse anaseka kupatula a Lumo. Anayang'ana pansi pamene anaima, pamene simenti inachita kukumbika ndi mapazi awo a zaka makumi atatu. Manyazi anawagwira.

"Ndiye kuti chinthuchi n'chabodza?"

"Si chabodza ayi, koma chilibe maso," anatero namwino. "Chimamva kugwedezeka kwa mkono n'kuganiza kuti mukuyenda. Dzanja lanu ndiye layenda ulendo, miyendo ili chiimire. Za makalorizo ndiye musadalire n'komwe. Wotchi siyeza zimenezo, imangoyerekeza kuchokera pa msinkhu, kulemera ndi kugwedezeka kwanu. Ikhoza kuphonya kwambiri, ngakhale kwa munthu amene akuyendadi. Nanga mabanzi ali pashelefuwo ndi a ndani?"



"Nanga za mtimazi?" anafunsa a Lumo. "Dzulo inati 130 ndikumeta, ndinachita kukhala pansi."

Namwino anawakhazika pampando wometera, mpando umene iwo sankaukhalira. Anamanga lamba wa wotchi kuti agwire bwino, pamwamba pang'ono pa kafupa ka mkono, n'kuwauza apume mphindi zisanu. Kenako anagwira mkono winawo ndi zala ziwiri.

A Lumo anatembenuzira nkhope kukhoma. Chimwalirireni akazi awo, palibe amene anawagwirapo chonchi, ndipo misozi inalengeza m'maso.

"Ndawerenga ka 38 pa theka la mphindi," anatero namwino mofatsa, ngati sanaone kanthu. "Tikawirikiza kawiri ndi 76. Wotchi ikuti 78. Mwaona? Mukakhala phee ndipo mwaimanga bwino, pa mtima imayandikira. Koma ikakhwefuka, mkono uli ndi thukuta, makina akunjenjemera m'dzanja, imasochera. Ndipo shuga wanu siimudziwa ngakhale pang'ono. Tandiuzani zoona, bambo, maso akuona bwanji?"

Apa a Lumo anaulula zonse, za chifunga, za mapu a aphunzitsi, za mantha awo.

Lolemba analawirira kuchipatala. Shuga anapezeka atakwera kwambiri. Dokotala wa maso anawaunika nthawi yaitali, kenako anati abwera nthawi yabwino, m'kati mwa diso munali musanawonongeke, ndipo chifungacho chikhoza kuchepa shuga akatsika. Akanachedwa miyezi ina, nkhani ikanakhala ina. Anawasinthira mankhwala n'kuwauzanso mawu akale omwe aja: chepetsani zotsekemera, yendani ndi miyendo.

M'mawa wotsatira basi inaima, kondakitala anaitana, a Lumo anangokweza dzanja n'kupitirira. Anadutsa njanji. Pophikira buledi panali patasintha utoto koma fungo linali lomwe lija, ndipo linawatsata mpaka pakona. Chitunda chinali chitatalika kuposa mmene ankachikumbukira. Anafika pamwamba ali wefuwefu, n'kutsamira chitsulo cha mlatho. Kumanzere kunali kanjira kamene mayi aja ankakhotera popita kosoka. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika zala ziwiri pamkono pawo.

"Ulipo," ananong'ona. "Ukugunda."

Patatha miyezi iwiri aphunzitsi aja anakhalanso pampando wachitsulo. Anadziyang'ana pagalasi, kupendeketsa mutu uku ndi uku, kufunafuna choti anene.

"Mapu aja mwawasiya?"

"Ndinawasiya, aphunzitsi."

"Nanga wotchi ija mwataya? Mwana wanga akufuna kundigulira yotero."

A Lumo anaitulutsa m'kabati. "Ndimaivala ndikamayenda, ndikafika pano ndimavula. Akugulireni, ndi yabwino, imakumbutsa munthu kudzuka. Koma musadye chifukwa wotchi yati mwatentha makalori, ndipo musasiye kupita kuchipatala chifukwa manambala akukusangalatsani. Thupi likakuuzani zina, wotchi n'kumanena zina, kayezetseni. Ine inatsala pang'ono kundidyera maso, osati chifukwa inali yoipa, koma chifukwa ndinaipatsa ntchito ya dokotala."

Anakutumula nsalu, n'kutenga kagalasi kakang'ono kuti aphunzitsi aone kumbuyo kwa mutu wawo. Mzere unali wowongoka kuchokera khutu ili kukafika khutu linalo.