Masiku Makumi Atatu Pansi pa Mzere Wofiira

"Makumi atatu akwana. Werengani nokha."

"Tsitsa mawu, iwe. Muno ndi mu ofesi."

"Si muno momwe munalonjezera?"

Ndinayala pepala langa pa desiki ya bwenzi langa, pambali pa kapu ya tiyi wozizira. Ndinalithothola m'kope langa lakale la masamu: timabokosi makumi atatu, tonse tochonga.

Ntchito ya bwenzi langali inali kuyeza mmene mitengo imagwedezekera m'misika ya masheya, ya golide ndi ya ndalama zakunja. Zoti mtengo ukwera kapena utsika sankalosera. Iye ankangoyeza kukula kwa chivomezi, ndi msika umene chilowere mawa lake. Tsiku limene tinadziwana, ine nditangolemba mayeso omaliza, anandiuza kuti misika ili ngati nyumba zogawana khoma: wina akamenyetsa chitseko, mbale zimalira kwa mnzake. Palibe mnyamata wa kusukulu anandilankhulapo chonchi. Ndinapita kwathu ngati ndikuyenda pa thonje.

Chuma chake chonse chinali m'masheya, ndipo ankati kugulitsa msika ukuvina n'kutaya. Choncho anajambula mzere wofiira pa kompyuta yake. Kugwedezeka kukadzakhala pansi pa mzerewo masiku makumi atatu otsatizana, adzagulitsa, tidzapeza nyumba ya mawindo aakulu, tidzakwatirana.

Madzulo aliwonse ndinkafika msika ukamatseka, kudzaona nambala ya tsikulo. Mlonda wa pakhomo anafika pondizolowera. "Alamu, lero kuli bata kapena tisunge kaye suti?" Ulendo woyamba zinasokonekera pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi. Wachiwiri zinasokonekera kutatsala masiku anayi, ndipo ndinalira m'basi mpaka kondakitala anaiwala kundifunsa tikiti. Kalata yondiitana ku sukulu ya unamwino inabwera ulendo wachitatu utangoyamba. Ndinaipinda n'kuiika pansi pa matiresi. Achemwali anga anangoti, "Iwe ukudikira kuti nyanja igone tulo."

Koma inagona. Lero linali tsiku la makumi atatu.

Bwenzi langalo anayang'ana pepalalo osalikhudza. "Masamuwa ndi osakwanira. Sindinaikemo msika wa mafuta."

"Mafuta abwera liti m'nkhani yathu?"

"Agwedezeka dzulo. Pofika Lachinayi zikhala zitafika kuno. Mafuta akayamba, ndalama zakunja zimatsatira, kenako masheya."

"Lero ndi Lachiwiri. Gulitsani mawa m'mawa, zisanafike."

Anayamba kuyendetsa kapu ija pa desiki, uku ndi uku.

"Si mmene zimayendera."

"Zimayenda bwanji, aphunzitsi? Ndiuzeni. Miyezi khumi ndi umodzi ndakhala m'kalasi mwanu, sindinajombepo."

Mayi wa desiki yoyandikana, amene ankagwira naye ntchito imodzi, anali akulongedza chikwama. Anasuzumira pa kompyutayo n'kuseka.

"Ii, kamzere kanu kaja kagonja? Achimwene, munatitu simungaone zimenezi mpaka kupuma ntchito." Anatembenukira kwa ine, nkhope ili ngwee, osadziwa chimene akuponda. "Tinafufuza limodzi, mwana wanga, manambala a zaka khumi ndi ziwiri. Msika sunakhalepo pansi pamenepo kupitirira masiku makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Anachita kusankha malo ake."

Mayiyo anayang'ana iye, anayang'ana ine, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti basi imusiya.

Tinatsala awiri ndi kulira kwa fani ya padenga. Ndinaganiza za kalata ija pansi pa matiresi. Tsiku lomaliza kuyankha linadutsa ndili pa bokosi lachisanu ndi chitatu, ndikuchonga ndi bolopeni yofiira kuti zifanane ndi mzere wake.

"Munachita kusankha," ndinatero.

"Ndimayeza zinthu, ndiyo ntchito yanga."

"Munayeza kuti sizidzatheka, n'kundipatsa kuti ndiziwerenga."

"Sindinakuuze kuti usiye sukulu."

"Simunandiuze chilichonse! Munthu wamkulu ndi tayi yanu, kubisala kuseri kwa kamzere. Nenani ndi pakamwa panu. Munkafuna chiyani?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayiyo, nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale. Atalankhula, mawu ake anali ofatsa, omwe aja a tsiku loyamba.

"Ndinkafuna utope, uchoke wekha, ine ndisachite kukuuza."