Chibowo cha pa Chigaza cha Dolofini

Zaka zisanu ndi ziwiri Sandamali anakhala akupsa ndi dzuwa panyanja ya kwawo ku Dondra, kuwerenga madolofini, nyama za m'nyanja zoyamwitsa ana, ndi kuwajambula zipsepse, mpaka a ku yunivesite anamupatsa udokotala ndi ntchito ya uphunzitsi. Mudzi wonse unamuyamikira kupatula munthu mmodzi, bambo ake, a Piyasena.

Chinayambitsa ndi mnansi wina wapakamwa, mwa aja sawerenga buku koma amadziwa zonse zili mkatimo. Anawauza kuti m'buku la kafukufuku wake mwana wawo walemba mutu wathunthu wodzudzula asodzi amene kale ankapha madolofini. Kuyambira tsiku limenelo mkuluyo ankangodya mpunga wake n'kutuluka kukasoka maukonde. Sandamali zinkamupweteka, chifukwa bambo akewo anali mmodzi wa asodzi amenewo, ndipo nyama ya dolofini ndi imene inamuveka tizovala take toyamba. Ankafuna adziwe kuti sachita nawo manyazi, koma sankadziwa poyambira.

M'mawa wa tsiku lake loyamba kuphunzitsa, anapeza bambo akewo pakhonde.

"Thaththa, bambo anga, bokosi ili landikanika kunyamula. Mundiperekeze."

"Ku yunivesite kwanuko kulibe amuna?"

"Aliko, koma manja awo anazolowera choko."

"Ndikakusiya pageti. Ine ndikununkha nsomba."

Pageti sanabwerere, poti kalasi inali pamwamba ndipo masitepe anali ambiri. Anatula bokosi patebulo n'kukaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, atamanga m'chiuno nsalu yawo yotuwa ya saroni, manja kumbuyo ngati munthu wodikira mlandu.

Ophunzira anayamba ndi mwambo. Mtsikana wina dzina lake Hashini anabwera ndi mpukutu wa masamba a bulati, amene kumeneko amapatsa mphunzitsi posonyeza ulemu, nagwada n'kumupatsa ndi manja awiri. Sandamali anawalandira n'kuwaika pambali. Kenako anatsegula bokosi natulutsa chigaza cha dolofini. Anachipeza kalekale m'kanyumba ka maukonde kuseri kwa nyumba yawo, chitakulungidwa m'chiguduli, ndipo anangochitenga osapempha.

Anawaonetsa mano, anawaonetsa popumira pamwamba pa mutu. Zonse zinkayenda bwino mpaka Hashini yemweyo anakweza dzanja.

"Madamu, nanga kachibowo aka kapambalika? Nakonso n'kopumira?"

Sandamali anali atakonzekera mafunso onse kupatula limeneli. Anatsegula pakamwa kuti aname kuti fupa likakalamba limaboweka lokha.

"Ndi mkondo wanga umenewo."

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. A Piyasena sanasunthe pomwe anaima.

"Inali yaikazi. Ndinaibaya dzuwa likutuluka, kamodzi kokha, poti dzanja langali silinkaphonya. Titaikweza m'boti ndi pomwe tinaona kuti ili ndi mwana. Kanthu kotalika ngati mkono wangawu. Kanatitsatira, ana inu. Timapalasa, iko kali pambuyo, kakupuma fuu, fuu, mpaka pomwe mafunde amaswekera. Anzanga ankaseka, ati ndiwo za mawa zikudzibweretsa zokha."

Anapukuta pakamwa ndi chikhatho.

"Kunyumba ndinapeza mphunzitsi wanuyu akukwawa pakhomo, akutsatira mayi ake kulikonse. Nyama ndinagulitsa, sindinama. Koma mkondo ndinakautaya kwakuya, mutu ndinasunga. Ndiye lembani m'mabuku mwanumo kuti anapha ndi Piyasena wa ku Dondra. Musavutike kufufuza."

Sandamali anali atafunsa asodzi oposa zana pa kafukufuku wake, koma nkhani iyi sanaimvepo, chifukwa msodzi wa m'nyumba mwake momwe anachita mantha kumufunsa. Anachita manyazi, osati ndi bambo ake, koma ndi iye mwini.

Anatenga masamba a bulati aja, nadutsa pakati pa mabenchi, nagwada pa simenti pamaso pa bambo ake. Anakweza manja onse awiri.

"Iwe, wapenga? Masamba amenewa amapatsa aphunzitsi."

"Ndikudziwa, Thaththa."

Mkuluyo anayang'ana masambawo. Anawalandira ndi zala zawo zong'ambikang'ambika ndi chingwe cha ukonde. Kenako dzanja lina linatera pamutu pa mwana wawo, ndipo silinachokepo msanga.

"Dzuka, mwana wanga, udetsa sari wavalayo," anatero ndi mawu osasa. "Komanso nsagwadayo waiyika mopotoka. Dolofini saluma choncho."

Anapatira masamba aja m'khwapa, nayenda kupita kutsogolo kwa kalasi.