Ndime ya Kumsewu

A Nkhokwe anaima pakati pa mizere mame asanakamuke, chitini cha feteleza atachibisa m'thumba la jekete ngati munthu wodzaba m'munda mwake momwe. Dzinalo anawapatsa ndi anthu, chifukwa kwa zaka makumi atatu nkhokwe yawo inali isanaonekepo pansi pake. Koma chaka chino, ha! M'mbali mwenimweni mwa msewu munali chimanga chochititsa manyazi.

Zonsezi zinabwera ndi mwana wawo wamkazi wachisamba, amene ankamaliza maphunziro a zaulimi kukoleji. Kuti apatsidwe pepala lake, anafunika kuonetsa aphunzitsi zimene feteleza wa fosiforasi ndi wa salufa amachita m'chimanga. Anapempha munda, naugawa ndime zinayi ndi zikhomo. Yureya anathira ponse mofanana. Kenako ndime ina anaiwonjezera fosiforasi, ina salufa, ina zonse ziwiri, yachinayi osaiwonjezera kalikonse. Anachita maere ndi timapepala m'chipewa cha bambo akewo, ndipo mwatsoka ndime yomanidwayo inagwera kumsewu.

"Bambo, chonde iyi musaithire kanthu," anatero tsiku lobwerera kusukulu. "Ndi imene ndidzayerekezere nayo zinazo. Mukangoimvera chisoni, chaka changa chonse chalowa m'madzi."

Patatha milungu isanu kusiyana kunali poyera. Ndime ya zonse ziwiri inali biriwiri, mapesi ojintcha. Ya kumsewu inapinimbira, masamba akumunsi atafiira m'mphepete, akumtima ali chikasu. Dzulo lake, mlamu wawo wokonza njinga anachita kutsika pa njinga kuti aseke bwino.

"Alamu, mwayamba liti kulima anyezi? Chaka chino dzina lija tikulandani, muzikhala a Kalichero!"

A Nkhokwe anaseka nawo, koma mumtima munawawa kwabasi.

N'chifukwa chake m'mawa uno anagwada pa phando loyamba, nakumba kadzenje ndi chala, natapa feteleza ndi chitsekero cha botolo. "Kapang'ono chabe," anadzinong'oneza. "Mwanayo ali kutali, adziwa bwanji?" Pomwepo maso awo anagwera pa chikhomo cha ndimeyo. Panali kachikwangwani kokulungidwa m'pepala la pulasitiki, zilembo zake zopendekera kumanzere, zomwe zija ankamuphunzitsa okha pakhonde atamugwira dzanja. Pansi pa nambala ya ndime, mwanayo anali atawonjezera ndi pensulo: "Bambo, ndakuonani."

Anaphulika chiseko okhaokha m'mundamo mpaka misozi kulengeza. "Mwana ameneyu anatengera mayi ake ndithu!" Manyazi anawagwira, koma anali manyazi okoma. Anabweza feteleza m'chitini, nakwirira kadzenje kaja, n'kupukuta chala pa buluku.

Kuyambira tsikulo, aliyense woseka chimangacho ankamukodola. "Bwerani muone pafupi. Kufiira uku ndi njala ya fosiforasi, mizu sikuyenda pansipa. Chikasu cha kumtimachi ndi salufa. Chikanayambira kumunsi tikanati yureya wachepa." Mlamu uja anasiya kutsika pa njinga, ankangodutsa liwiro kuopa kalasi.

Nthawi yokolola mwanayo anabwera ndi sikelo yobwereka, naipachika pa mtanda wa khonde. Anatonola ndime iliyonse payokha. Ya zonse ziwiri inadzaza matumba atatu, maso ake akuluakulu mpaka kunsonga. Ya fosiforasi inatsatira, ya salufa pambuyo pake. Ya kumsewu inangotulutsa kathumba kamodzi, nakonso kosadzaza.

Mwanayo anayang'ana sikelo, kenako bambo ake.

"Simunathire ndithu?"

"Kadzenje kokha ndinakumba," anaulula a Nkhokwe akukanda kumutu. "Mlonda wako wa pachikhomo uja anandigwira."

"Ndiye ndakhoza, bambo," anatero mwanayo, dzanja lili pa kathumba kaja. "Pepala langa lili muno."

Madzulo a Nkhokwe anapachika pakhonde zimanga zikuluzikulu, monga ankachitira chaka chilichonse kuti alendo aziona. Kenako anapisa m'thumba la jekete lija, natulutsa kachimanga ka m'ndime ya kumsewu ija, kotalika ngati chala, kamagweru, n'kukamangirira pakati penipeni.

"Nanga kameneko n'kachiyani, bambo ake?" anafunsa akazi awo ali pakhomo la khitchini. "Mukufuna anthu azitiseka?"

"Kasiyeni, mayi," anayankha akukunga mfundo. "M'munda monse muja, ndi kokhaka kamene ndinakavutikira."